Voti ya Madamu Linda

Tiyamike ndi iwe Madalitso, za ubwana wanga sindilemba. Amayi anu amazifotokoza bwino kuposa ine chifukwa amathirako mchere. Ine ndilemba za ntchito, makamaka funso limene mwakhala mukulizungulira ngati galu pa nungu: chinandibweza ku Doha n'chiyani, pomwe ndinali nditakuimbirani foni kuti ndapeza ntchito ya kuhotela? Ndinakuuzani kuti ndi korona. Sindinaname kwenikweni, koronayo analipo. Koma chinandikweza ndege ndi chisankho cha ku America, dziko limene sindinapondeko ngakhale kumaloto.

2004

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chaka cha chisankho. Kumbuyo konseko ndinkagulitsa kaunjika pamsika ku Lilongwe, ndipo sukulu yokhayo imene ndinakhoza ndi imeneyo, yonenerera mtengo. Munthu akaigwira jekete kawiri ndiye kuti waikonda, usatsitse. Akayamba kuinyoza kuti kolala yatha ndiye kuti waikonda kwambiri, kweza. Nditatenga laisensi, mkulu wina amene ankafuna uphungu anandilemba kuti ndiziyendetsa lole ya kampeni. Dzina sinditchula, ana ake ali moyo ndipo ena ndi madikoni. Tinkanyamula shuga, mchere, zitenje ndi matisheti. M'mawa timagawa pabwalo la sukulu, amayi akuvina, akuimba dzina la bwana wanga mpaka fumbi kobo. Tsiku lina lole inafa pomwepo, ndiye ndinaswera pansi pake ndi sipanala. Masana kunafika lole ya wopikisana naye. Amayi omwewo, nyimbo yomweyo, angosintha chitenje ndi dzina. Ndinatuluka kunsi kwa lole n'kupita kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene ankatsogolera nyimbo.

“Mayi, si inu m'mawa uja munkalumbira kuti mufera bwana wanga?”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi odetsedwa ndi girisi. “Achimwene, shuga ali ndi chipani? M'kachipinda kovotera muja mumalowa ndi lole yanuyi?”

Mawu amenewo ndinawasunga ngati vesi. Landira konse, vomera konse, chifukwa povota palibe mboni. Ineyo tsiku lachisankho ndinavala tisheti ya bwana wanga pamwamba, ya mdani wake mkati, n'kuvotera mphunzitsi wina wopuma amene sanagawe ngakhale machesi. Onse atatu anagwa. Anapambana wachinayi, amene ankagawa mabokosi a maliro.

2014 mpaka 2017, Nuaija

Zaka khumi za minibasi ndi mathiraki ndizidumpha. Ndinafika ku Doha imvi zitayamba kale, ndipo banja loyamba kuligwirira linali la mkulu wina wachiarabu ku Nuaija, dera lina la mzindawo. Kumeneko ndinaphunzira mawu atatu oyendetsera moyo: yalla, kutanthauza fulumira, khalas, zatha, ndi bukra, mawa, limene limathanso kutanthauza kuti iwala. Ndinaphunziranso lachinayi, kafil. Ameneyu ndi munthu amene dzina lako lamangiriridwa ku dzina lake ngati mbuzi pa chikhomo. Sungasinthe ntchito iye asanasaine, ndipo pasipoti yanga inkagona mu dilowa yake. Mkuluyo sanali wankhanza, sanalinso wachifundo. Koma chinthu chimodzi ndimamuyamika mpaka lero: sanandilalikirepo. Ankafuna galimoto yozizira ndi dalaivala wotseka pakamwa, basi. Patatha zaka zitatu ana ake atakula, anandipereka kwa Mmereka amene ankachita lendi nyumba yake ina. Anasaina pepala ali pafoni, ngati munthu wobwereketsa wilibala.

2017 mpaka 2019, Al Waab

Nyumbayo inali mu kampaundi ya mpanda wautali. Pageti panali mlonda wakwathu, Che Mussa wa ku Machinga, munthu wowonda wa nthabwala zowawa, amene anakhala mbale wanga. Bwana watsopano anali Rick, injiniya wa za gasi, ndipo mkazi wake anali Madamu Linda. Dzina langa loti Lufeyo linawalemera, ndiye anangodula n'kukhala Lu. Tsiku loyamba Bwana Rick anandipatsa pasipoti yanga m'manja. “Kwathu sitisunga mapepala a munthu, Lu. Ndiwe mfulu.” Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinauza Che Mussa kuti ndagwera pa mngelo. Iye anati, “Achimwene, amene wakumasula chingwe m'khosi uyambe wamuyang'ana ngati wagwetsanso khola.”

Bwanayo ankakhala mpando wakutsogolo, pafupi ndi ine, ndipo poyamba ndinkayesa ulemu. Kenako ndinazindikira kuti m'busa amafuna mpingo pafupi. Tikangotuluka pageti ulaliki umayamba. “Lu, ukudziwa vuto la Africa?” Ine ndinkati, “Ayi bwana,” ngakhale vutolo anali atandiuza Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Vuto lathu linali ziphuphu, atsogoleri okakamira mpando, ndi anthu ogulitsa voti ndi paketi ya shuga. Apa ndinkagwira chiwongolero ndi manja awiri, chifukwa shugayo ndinkamudziwa kulemera kwake pa thumba. Tsiku lina anandifotokozera monyadira kuti makampani akwawo amapereka ndalama ku zipani zonse ziwiri, kuti aliyense amene apambane adzawakumbukire. Ndinati, “Bwana, ndiye ngati mayi wina wa zitumbuwa amene ndimamudziwa.” Sanaseke. Anati zimenezo ndi zololedwa, zili ndi malamulo ake, zimalembedwa poyera. Ndinamva tsiku limenelo kusiyana kwake. Kwathu wakuba amathawa apolisi. Kwawo wakuba amayamba walemba lamulo, kenako n'kuba ali ndi lisiti.

M'nyumbamo munali ma TV awiri. Yapansi inali ya bwana, yam'mwamba ya madamu, ndipo iliyonse inkanena kuti anthu a inzakeyo akuwononga dziko. Bwana anali wa chipani cha amene anali pampando nthawi imeneyo. Madamu akangomva mawu a mtsogoleriyo ankagwira pamutu ngati wamva uthenga wa maliro. Iwo anali achifundo, chifundo chotopetsa. Ankandifunsa za “kumudzi kwanu” ngati kumabwera mikango, ine mwana wa ku Kawale. Ankandipatsa mavitamini otsala ndi nsapato za bwana. Ankalira ndi anthu othawa kwawo amene ankawaona pa TV. Koma m'zaka zonsezo sanafunsepo kuti Lu amapuma tsiku liti.

Chisankho chathu cha 2019 chitavuta, nkhani ya mapepala ofufutidwa ndi utoto woyera itamveka, Bwana Rick anasangalala ngati wabadwitsa mwana wamwamuna. Anagula kabotolo ka utoto womwewo n'kukaika pa dashibodi. “Mphatso yako, Lu. Ukafuna kukhala pulezidenti, zida ndi zimenezi.” Ndinaseka naye, chifukwa dalaivala amalipidwanso poseka. Kabotoloko kanakhala pamenepo kupitirira chaka.

Malichi mpaka Juni 2020

Korona atafika, kampaundi inakhala ndende ya maluwa. Ndinaletsedwa kutuluka Lachisanu kukaona anzanga kudera la Al Nasr, poopa kuti ndingabweretse matenda. Koma kukagula zakudya, mankhwala ndi chakudya cha galu ndinkapita ine tsiku lililonse. Zikuoneka kuti kachilomboko kankadziwa kusiyanitsa ulendo wa bwana ndi ulendo wanga. Mamasiki ndi sanitaiza zinasowa m'mashopu akuluakulu, ndipo apa sukulu ya kaunjika inagwira ntchito. Mmwenye wina wa kagolosale ankabisa katoni kuseri kwa matumba a mpunga. Ndinanyoza mamasiki akewo kuti ndi opyapyala ngati khoko la anyezi, ndinatuluka kawiri, kachitatu anandithamangira yekha. Madamu anati ndine ngwazi. Anandiuzira pawindo, chifukwa m'nyumba sindinkaloledwa kulowa.

Kwathu khoti linali litafafaniza chisankho chija mu Febuluwale, ndipo mu Juni munavotanso. Iwe Tiyamike unanditumizira chithunzi cha chala chako cha inki, n'kulemba kuti, “Ababa, ndavoteranso inu.” Ndinachiyang'ana nthawi yaitali m'kachipinda kanga kuseri kwa galaji. Mmalawi wokhala kunja savota. Timatumiza ndalama za fizi, za malata, za maliro, koma pa tsiku lenilenilo timakhala ngati akufa. Ndinamuonetsa bwana chithunzicho. Anati, “Tione ngati wogonja achoke pampando. Kwanu sachoka.” Anachoka. Bwana sanaitchulenso nkhaniyo, koma kabotolo sanakachotse.

Seputembala 2020

Uthenga anandipatsa ndi Che Mussa, akundiloza pachipumi ndi kamfuti koyezera kutentha.

“Thirty-six. Simufa lero. Mwamva za lamulo latsopano? Khalas, za NOC zatha.”

“Kalata ya chilolezo cha kafil ija?”

“Yomweyo. Mukapeza ntchito ina mungopereka notisi n'kutransifa. Mbuzi yaloledwa kusankha chikhomo.”

Ndinali ndi mnzanga ku hotela ina amene anandiuza kuti akufuna dalaivala wa basi ya antchito. Maola asanu ndi atatu, tsiku lopuma lolembedwa, inshuwalansi ya chipatala. Kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, imeneyo inali ntchito yomaliza, yoti ndimalizire nyumba ya ku Area 25 ndi sukulu yako Madalitso. Anandilandira. Ndinalembetsa pa intaneti monga lamulo linkanenera, n'kupereka notisi ya miyezi iwiri. Bwana Rick anawerenga pepalalo kawiri. “Pa zonse zimene takuchitira?” Munthu amene anandiuza kuti ndine mfulu anakhala sabata osakwera kutsogolo. Che Mussa anandichenjeza kuti ndiziyenda ngati pa mazira a mwini, chifukwa mpaka tsiku la transifa kafil akadali ndi mphamvu yokansela ID yanga pafoni yake, ndipo ID ikakanselidwa njira ndi ya ku eyapoti.

Okutobala 2020

Amereka okhala kunja amavota, ana anga. Pepala amalilandira ali ku Al Waab, amachonga akumwa khofi, amaliika mu envulopu, kunja n'kulemba dzina ndi kusaina. Kumayambiriro kwa mwezi umenewo madamu anapezeka ndi korona, anadzitsekera m'chipinda cham'mwamba. Bwana naye anayenera kukhala panyumba. Maenvulopu awiriwo ankafunika kukaponyedwa m'bokosi ku ofesi ya kazembe wawo kuti apite ndi katundu wa boma, ndipo woyenda panyumbapo anali mmodzi. Envulopu ya madamu inatsika pa masitepe ili mu pulasitiki, yopoperedwa mankhwala mpaka kunyowa m'makona.

Unali m'mawa, cha m'ma naini. Bwana anandiitanira mu galaji n'kutseka chitseko cholowera m'nyumba. Anaika maenvulopu onse pa boneti, iyi uku, iyi uku, monga ndinkayalira majekete.

“Lu, kwathu kumene timavotera, anthu agawikana pakati ndendende. Voti iliyonse ndi yolemera. Ya Linda ikungofafaniza yanga. Ukumva?”

“Ndikumva, bwana.”

“Linda ndi munthu wabwino, koma TV yamusokoneza mutu. Mumsewu zinthu zimatayika. Mphepo, mabini, chilichonse. Kwanu mumazidziwa zimenezi kuposa ine.”

Ndinayang'ana kabotolo kaja kudzera pagalasi. Mtima unkagunda, koma ndikuuzeni zoona, sikunali kukhumudwa koyera kwa munthu wolungama. Kunali kugunda kwa wamalonda amene waona kasitomala akugwira jekete kachiwiri.

“Bwana, imeneyi ndi nkhani yaikulu. Madamu amandikonda.”

“Transifa yako ikudikira, si choncho? Ndikhoza kuisiya iyende bwinobwino. Ndikhozanso kutenga foni iyi n'kumaliza zonse khofi asanazizire.”

“Ndiye mukundiopseza kapena mukundigula? Chifukwa mitengo yake ndi yosiyana.”

Anaseka, kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu. Ndipo ine bambo wanu, mkulu wa mpingo, ndinanenerera mtengo wa voti ya mzimayi wodwala ngati ndikunenerera thalauza. Ndinati kusakansela si mphatso, ndi lamulo. Ndinafuna kalata yabwino yondichitira umboni, yosaina iye. Anavomera. Ndinafuna notisi ithe kumapeto kwa Okutobala, osati Novembala. Anakana. Ndinanyamula makiyi ngati ndikutuluka. Anati pakati pa Novembala. Ndinawonjezera ma Lachisanu onse otsala kuti ndizipita ku Al Nasr. “Iwe ukanakhala senata,” anatero. Sitinagwirane chanza chifukwa cha korona. Tinagundanitsa zigongono.

Pageti ndinamuuza Che Mussa zonse mofulumira, galasi litatsitsidwa theka. Anaiwala kundiyeza.

“Mzungu wa ulaliki uja? Wallah! Ndiye mutani?”

“Ndiona kutsogolo.”

“Achimwene, tayani kapena kanani. Musachite zanu zija za pakati. Mapanga awiri avumbwitsa.”

“Che Mussa, inu munagulitsapo chiyani pamoyo wanu? Ine ndinagulitsapo jekete imodzi kwa anthu awiri.”

“Ndiye n'chifukwa chake muli kuno,” anatero, n'kukweza chitsulo chotsekera pageti.

Ndinaimika galimoto chapatali ndi ofesi ya kazembe, injini ikulira, maenvulopu ali pa mpando wa bwana. Pafupi panali bini yaikulu yobiriwira, kukamwa kuli yasa. Ndinakhala pamenepo mwina theka la ola. Ndikufuna ndilembe kuti ndinaganiza za chilungamo, koma bukuli ndi la ana anga, ndiye ndinena zonse. Ndinaganizadi za chala chako, Tiyamike. Ndinaganiza kuti ine amene ndakhala zaka zisanu ndi chimodzi wopanda voti ndagwira mavoti awiri m'manja, ndipo andituma kuti ndiphe imodzi. Dzanja linakana. Koma mbali inayo ya mutu inkawerengera zina. Inkati, Lufeyo, bokosi ndi bokosi. Chikalowa m'menemo palibe mboni. Ponya zonse ziwiri, bwana umuuze kuti khalas, kalata utenge, transifa iyende, madamu akudalitse, Mulungu naye akulembere. Shuga wa uku, shuga wa uko. Ndinadziona wochenjera kuposa dziko lonse la America. Ndinatsika, mlonda wa pa ofesiyo anandilozera bokosi, ndinaponya zonse ziwiri.

“Zatheka?” anafunsa bwana nditabwerera.

“Khalas, bwana. Mphepo inali yambiri lero.”

Madamu anandibayibitsa pawindo lam'mwamba, dzanja lina lili pamtima. Ndinawerama pang'ono ngati wansembe. Lachisanu limenelo ndinapita ku Al Nasr n'kugulira anyamata nkhuku.

Panatha masabata awiri ndi masiku angapo. Madamu anali atachira, ndipo m'mawa wina ankadya pakhonde ndi bwana, ine ndikutsuka galimoto poteropo. Foni ya madamu inalira. Anaiyang'ana n'kukuwa mosangalala.

“Rick! Imelo yabwera! Akuti voti yanga yafika ndipo ailandira. Yako akuuza? Lu, zikomo, Lu!”

Ana anga, m'moyo wanga wonse palibe anandiuzapo kuti kuli dziko limene bokosi limayankha. Kwathu voti ikalowa yalowa, ilibe dzina, ilibe pakamwa. Kwawo envulopu ya dzina ija akailandira amamulembera mwini wake kuti yafika. Mayi wa zitumbuwa sanandiphunzitse zimenezo. Ndinaima ndi paipi m'manja, madzi akuthira nsapato zanga, zomwe zinali nsapato zakale za bwana. Bwanayo anatembenukira kwa ine. Anaika kapu pansi mofatsa n'kundiyang'ana monga ndinkamuyang'anira munthu amene wandipatsa ndalama yachinyengo.

Mawa lake, dzuwa lisanakwere, uthenga unalowa pafoni yanga kuti chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chakanselidwa. Bwana ndinamupeza akuthirira maluwa.

“Bwana, tikambirane.”

“Tinakambirana kale. Unandinamiza.”

“Inu munandituma kuba.”

“Ndinakutuma chiyani? Uli ndi pepala? Uli ndi mboni?” Anamwetulira. “Sindingasunge munthu wosakhulupirika, Lu. Vuto lanu anthu inu ndi limeneli.”

Vesi langa lomwe lija, loti palibe mboni, linanditembenukira n'kundiluma.

Ndinapita kwa madamu bwana atachoka pa takisi. Ndinaima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja, n'kuwauza zonse, za boneti, za bini, ngakhale za kunenerera kwanga. Nkhope yawo inayera, kenako inafiira, kenako misozi. Ndinati mumtima, apa zatheka, mayi wolirira anthu a pa TV walira ndi munthu wa pakhomo pake.

“Oh, Lu. Rick amachita nthabwala zoipa nthawi zina. Mwina sunamumvetse.”

“Madamu, nthabwala imakansela ID?”

“Mapepala ali m'dzina lake, ine sindingachite kanthu. Ndipo banja lathu likugwedezeka kale ndi chisankhochi. Ndikaiyambitsa nkhaniyi, litha. Ukundimvetsa, eti? Ndiwe munthu womvetsa.”

Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzanene ku ofesi ya zantchito zimene ndawauza ndi zimene anaona. Anati aganiza. Anandipatsa botolo la mavitamini.

Novembala mpaka Disembala 2020

Ndinasamukira ku Al Nasr, m'chipinda cha anyamata asanu ndi mmodzi akwathu, alonda ndi operekera zakudya m'mahotela, amene anandipatsa bedi lapansi chifukwa cha imvi. Ndinakadandaula ku ofesi ya zantchito. Kalaliki anandimvetsera bwino, anati lamulo latsopano likhoza kundithandiza, anandipatsa tsiku loti ndidzabwerenso. Koma hotela sinkadikira tsiku. Basi imafuna dalaivala m'mawa uliwonse, ndipo anaipereka kwa mnyamata wa ku Kenya wa mapepala oyera. Ndinayenda m'makampani anayi. Akangoona chaka chobadwa ankati bukra. Madamu foni sankayankha. Ndinazindikira kuti ngakhale nditapambana mlandu ndidzakhala nditapambana mbale yopanda ndiwo, ndiye ndinausiya.

Pa nthawi yomweyo zotsatira zinatuluka, ndipo munthu wa bwana anagwa. Che Mussa ankandibweretsera nkhani Lachisanu lililonse. “Mzungu wanu wapenga, achimwene. Akuima pageti kundiuza ine kuti amubera. Akuti mavoti a m'maenvulopu onse ndi achinyengo, anthu ankachita nawo zamanyazi m'njira.” Ndinaseka mpaka kutsokomola, anyamata n'kuyesa korona. Pa anthu onse okuwa kuti kwabedwa, Rick yekha ndiye anali ndi umboni weniweni woti munthu anayesa kuba voti, chifukwa wakubayo ankamuona pagalasi pometa ndevu m'mawa uliwonse.

Mumandifunsa maganizo anga pa zipani zawo ziwirizo, popeza ndinakhala nawo. Ndi awa. Chipani china chimakuuza pamaso kuti ndiwe wakuba, kenako chimakutuma kukaba. Chinacho chimalira nawe, chimakutcha ngwazi, n'kukuimirira pawindo pamene ukunyamula chikwama. Kwa iwo eni ake mwina kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu, sindikana. Koma kwa munthu wogona kuseri kwa galaji, ndege yake ndi imodzi. Ndipo asadzakunamizeni kuti ziphuphu ndi matenda a khungu lakuda. Ife timagula voti ndi shuga masana, anthu akuvina. Iwo amatseka kaye chitseko cha galaji.

Tsiku lonyamuka Che Mussa anandiperekeza ku eyapoti. Anatulutsa envulopu m'thumba la yunifomu. “Madamu anu anandipatsira pageti. Akuti ndikupatseni m'manja.” Inali yolimba, yolemera bwino. Wamalonda mwa ine anadzuka komaliza. Ndinati mwina ndi kalata ya umboni ija, mwina ndi kena kake kopepesera. Ndinatsegula pamzere. Munali kadi yokhuthala, kutsogolo chithunzi cha galu wawo atavala chipewa cha Khirisimasi. Mkati analemba kuti sadzaiwala zimene ndinachitira demokalase. Che Mussa anaiwerenga, anaitembenuza, anaigwedeza ngati mungagwe kanthu.

“Galuyu nayenso anavota?” anafunsa.

Januwale 2021, Kawale

Ndinali pa shopu yometera pamene TV inaonetsa anthu akukwera makoma a nyumba ya malamulo ya ku America, akuswa mawindo, pokana kuti munthu wawo wagonja. Ometa anasiya makina. Wina anati, “Ndiye awa ndi amene amatitumizira oyang'anira chisankho?” Wina anati, “A Doha, inu munakhala nawo, tatiuzeni.” Ndinkangoyang'ana m'khamumo ngati ndingaone nkhope yodziwika.

Nyumba ya ku Area 25 inaima pa mawindo, mukuidziwa. Iwe Madalitso unasiya koleji chaka chimodzi n'kumakagulitsa mayunitsi, ndipo sunandifunsepo chifukwa. Chifukwa chake ndi chimenechi. Sindikupempha kuti munditche wolungama. Wolungama akanakana mu galaji momwemo, maso ndi maso. Wakuba weniweni akanaponya mu bini, bwenzi pano tili ndi malata. Ine ndinafuna kudya konse, ndipo ndinagwa chagada ngati pusi wa m'mwambi.

Voti ya Madamu Linda inawerengedwa. Kadi yawo ndikadali nayo. Tebulo limene ndikulemberapoli lili ndi mwendo umodzi waufupi, ndipo nditaipinda kanayi inakwana ndendende. Amayi anu akamasesa amafuna kuitaya, ine ndimakana. Pa zonse zimene demokalase ya ku America inandilonjeza, ntchito yokhayo imene yagwira m'nyumba muno ndi imeneyi.